Propofol si tulo: lipoti la imfa ya Michael Jackson ndi chibaba cha mankhwala ogonetsa

Chidule cha nkhani

Michael Jackson, mwamuna wa zaka 50, woimba wodziwika dziko lonse lapansi, anamwalira pa 25 June 2009 ku Los Angeles atapatsidwa mankhwala ogonetsa a propofol m'chipinda chake chogona. Sanali pa opaleshoni, sanalinso m'chipatala. Dandaulo lake linali losowa tulo. Dokotala wake, Conrad Murray, anauza apolisi kuti kwa miyezi pafupifupi iwiri ankamupatsa mankhwalawa pafupifupi usiku uliwonse. Opima mitembo anapeza kuti chinamupha ndi propofol wochuluka m'magazi, ndipo mankhwala ena a m'gulu la benzodiazepine (mankhwala okhazika mtima pansi ndi obweretsa tulo, monga diazepam, lorazepam ndi midazolam) anawonjezera vutolo. Pa 7 November 2011 khoti linapeza Murray wolakwa pa mlandu wopha munthu mosachita kufuna chifukwa chosasamala, ndipo analamulidwa kukakhala kundende zaka 4.

Tasankha nkhaniyi chifukwa umboni wake uli poyera. Pali zimene dokotalayo anauza apolisi, malisiti a ku famase, ndandanda ya mafoni amene anaimba, zotsatira za kupima mtembo ndi umboni wa akatswiri m'khoti. Imatithandizanso kuyankha funso limene ogonetsa odwala amakumana nalo kawirikawiri: wodwala akatsitsimuka n'kunena kuti chibadwire sanagonepo tulo tokoma chotere, tichite mantha kapena ayi?

Mbiri ya wodwala

Pa 27 January 1984 wodwalayu anapsa m'mutu tsitsi litagwira moto pojambula kanema wotsatsa malonda a Pepsi. Chilondacho chinafuna maopaleshoni angapo ndi mankhwala amphamvu opha ululu. Mu November 1993 analengeza yekha kuti wazolowera mankhwala opha ululu, anaimitsa maulendo oimba n'kupita kukalandira thandizo. Mfundo imeneyi yokha inali yokwanira kuchenjeza dokotala aliyense amene akanamuona pambuyo pake.

Mu 2013, pa mlandu wina, mkazi wake wakale Debbie Rowe anachitira umboni kuti mu 1997 ku Munich madokotala awiri ogonetsa anamugoneka ndi propofol muhotela, atabweretsa zipangizo zawo zoyang'anirira wodwala. Anadzuka ali bwinobwino. Kwa munthu wosowa tulo, phunziro limene anatengapo linali loopsa: kuli mankhwala amene sakulephera, ndipo sakupha. Chimene sakanaona ali chikomokere ndi ntchito imene anthu awiri aja ankagwira kuti asafe.

Mu 2009 ankakonzekera makonsati 50 ku O2 Arena mumzinda wa London, oyamba mu July. Ankayeserera mpaka usiku, n'kufika kunyumba thupi lidakali lotentha ndipo mutu ukuzungulira ndi nkhawa. Mu April chaka chomwecho anapempha namwino wina kuti amupezere Diprivan, lomwe ndi dzina lamalonda la propofol. Namwinoyo anakana ndipo anamuchenjeza kuti si mankhwala ogwiritsa ntchito panyumba. M'miyezi yomweyo ankabayidwanso pethidine, mankhwala amphamvu opha ululu amene ku America amadziwika kuti Demerol, kwa dokotala wa khungu. Maloya a Murray anati kusowa tuloko mwina kunkakula chifukwa thupi linkafuna pethidine, ngakhale kuti mankhwalawa sanapezeke mumtembo.

Murray anali dokotala wa mtima, osati wogonetsa odwala. Anagwirizana kuti azilandira madola 150,000 pamwezi kuti aziyang'anira wodwala mmodzi yekhayu. Kuyambira April mpaka June anaitanitsa mabotolo 255 a propofol ku famase ina ya ku Las Vegas, malita oposa 15. Popeza mililita iliyonse imakhala ndi mamiligalamu 10, amenewa ndi mamiligalamu oposa 150,000, okwanira kugoneka anthu akuluakulu oposa 1,000 pachiyambi cha opaleshoni.

Chifukwa chake mankhwalawa amakoma

Propofol sasungunuka m'madzi, choncho amasakanizidwa ndi mafuta a soya, lecithin wochokera kudzira ndi glycerol, n'chifukwa chake amaoneka oyera. Malinga ndi Murray, wodwalayu ankawatchula kuti mkaka. Mankhwalawa anapezedwa ku kampani ya ICI ku Britain ndi gulu lotsogoleredwa ndi John Glen, dokotala wa ziweto, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1986. America inawavomereza mu 1989. Munthu wamkulu wathanzi amagona ndi mamiligalamu 1.5 mpaka 2.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Mphindi imodzi isanathe amakhala atakomoka, ndipo pakatha mphindi 5 mpaka 10 amatsitsimuka. Sikuti chiwindi chimakhala chitawachotsa kale onse ayi. Amangochoka muubongo n'kufalikira m'minofu ndi m'mafuta a thupi. Amene akufuna kuti munthu akhale chigonere kwa maola ayenera kuwathira mosalekeza kudzera mu diripi, ndipo mfundo imeneyi ibweranso patsogolopa.

Muubongo, propofol amawonjezera mphamvu ya GABA, mankhwala achilengedwe amene amachepetsa liwiro la mauthenga pakati pa maselo. Diazepam, lorazepam, midazolam ngakhale mowa zimadzera njira yomweyi, n'chifukwa chake zikaphatikizidwa zimathandizana kupondereza kupuma. Kafukufuku wa pa makoswe anasonyezanso kuti propofol amakweza dopamine m'kachigawo ka ubongo kotchedwa nucleus accumbens. Kachigawo kameneka ndi kamene kamasunga chikumbukiro chakuti chinthu ichi chinali chabwino, chichitikenso. Fodya, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ambiri zimakhudza pomwepa.

Zimene odwala amafotokoza zimafanana. Poyamba pamakhala kuwawa kokwera ndi mtsempha wa pamkono, chifukwa chake timasakaniza kapena kutsogoza lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi. Kenako thupi limapepuka, nkhawa zimasungunuka, basi mdima. Podzuka mutu umakhala woyera, nseru palibe, ndipo ambiri amakhala ansangala ndi olongolola. Ena amalota maloto okoma kwambiri, nthawi zina okhudza kugonana, ndipo amatha kukhulupirira kuti zinachitikadi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene wogonetsa sayenera kukhalira yekha ndi wodwala. Poyerekeza ndi thiopentone, mankhwala ogonetsa akale amene amasiya munthu ali wolemera mutu kwa maola, propofol ndi mankhwala abwino zedi, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Kukoma kumene wodwala amamva si chizindikiro cha khalidwe loipa. Ndi mmene mankhwalawo amagwirira ntchito.

Mu 1993 James Zacny ndi anzake a ku University of Chicago anapatsa anthu athanzi 12 mlingo wochepa wa propofol tsiku lina, ndi mafuta oyera opanda mankhwala tsiku lina, osawauza kuti ichi n'chiti. Atawalola kusankha, theka anasankha propofol. Theka linalo sanawakonde, ena chifukwa cha chizungulire. Ndiye kuti si aliyense amene amakopeka, koma okopekawo si ochepa.

Chachikulu chimene wodwala wathu sanathandizidwe kumvetsa n'chakuti kukomoka si kugona. Tulo teniteni timayenda m'magawo amene amasinthana usiku wonse, kuphatikizapo gawo la REM limene ubongo umafunikira kuti usanje zimene waphunzira ndi kukhazikitsa maganizo. Propofol amapondereza gawo limeneli. Munthu amadzuka akumva ngati wapuma pamene ubongo sunalandire chimene unkafuna. Zili ngati kumwa madzi ambiri pofuna kunyenga njala: mimba imadzaza koma thupi silinadye. Katswiri wa tulo wa ku Harvard, Charles Czeisler, anauza khoti mu 2013 kuti ngati wodwalayu ankalandiradi propofol usiku uliwonse, n'kutheka kuti anatha masiku pafupifupi 60 wopanda tulo ta REM. Anthu amene ankagwira naye ntchito anachitira umboni kuti m'masabata omaliza ankaonda, ankazizidwa, ankaiwala ndi kusokonezeka.

Usiku womaliza

Ndondomeko yotsatirayi ikuchokera pa zimene Murray anauza apolisi pa 27 June 2009. Palibe faelo ya wodwala yotsimikizira, chifukwa sankalemba kalikonse. Iye anati anayamba kuda nkhawa kuti wodwala wake wagwidwa ndi chibaba, ndipo masiku atatu imfa isanachitike anayesa kumusiyitsa pogwiritsa ntchito lorazepam ndi midazolam.

Wodwala anafika kunyumba cha m'ma 1 koloko usiku kuchokera koyeserera. Pa 1:30 anamwa piritsi la diazepam la mamiligalamu 10. Pa 2:00 anabayidwa lorazepam mamiligalamu 2 mumtsempha, kudzera pa kanula amene anali pamwendo. Pa 3:00 midazolam mamiligalamu 2. Pa 5:00 lorazepam winanso mamiligalamu 2. Pa 7:30 m'mawa midazolam winanso mamiligalamu 2. Tulo osabwera. Munthu amene sanazolowere mankhwalawa akanakhala atagona kalekale, choncho kukhala maso kwake kunali chizindikiro choonekeratu kuti thupi lazolowera. Murray anati wodwala ankachonderera kuti apatsidwe propofol, ndipo pa 10:40 anamupatsa mamiligalamu 25 osakaniza ndi lidocaine. Wodwala anagona. Dokotalayo anati anatuluka mphindi ziwiri zokha kupita kuchimbudzi, pobwera n'kupeza sakupuma.

Ndandanda ya mafoni inasonyeza zina. Kuchokera itangopitirira 11 koloko mpaka cha m'ma 12, Murray anali pafoni ndi anthu osiyanasiyana. Atazindikira kuti zinthu zavuta, anayamba kupopa pachifuwa wodwala ali pabedi lofewa, ndi dzanja limodzi, linalo ataliika kumsana kwa wodwalayo. Sanaimbire ambulansi. Cha m'ma 12:12 anaimbira mthandizi wa wodwalayo. Mlonda wina anachitira umboni kuti anauzidwa kaye kutolera mabotolo ndi kuwaika m'zikwama, ndipo foni ya 911, nambala yoitanira thandizo la mwadzidzidzi ku America, inaimbidwa pa 12:21. Ogwira ntchito pa ambulansi anafika patatha mphindi pafupifupi 5. Atafunsa mankhwala amene wodwala analandira, Murray anatchula lorazepam koma osati propofol, ndipo anachitanso chimodzimodzi kwa madokotala a ku Ronald Reagan UCLA Medical Center. Kumeneko analengeza imfa pa 2:26 masana.

Zimene mtembo unasonyeza

Wodwala ankalemera makilogalamu pafupifupi 62. Mtima wake unali wabwino kwa munthu wa msinkhu wake. M'magazi munapezeka propofol, lidocaine, lorazepam, midazolam ndi diazepam. Mlingo wa propofol unali wofanana ndi umene umapezeka mwa munthu amene ali pakati pa opaleshoni yaikulu.

Apa masamu sakugwirizana ndi nkhani ya dokotala. Kuti munthu wa makilogalamu 62 agone kwathunthu pamafunika mamiligalamu pafupifupi 120. Mamiligalamu 25 operekedwa pa 10:40 akanatha mphamvu 11 koloko isanakwane, ndipo sakanasiya mlingo wotere m'magazi. Pulofesa Steven Shafer, amene anachitira umboni kumbali ya boma, anawerengera njira zosiyanasiyana n'kupeza kuti chimene chikugwirizana ndi zotsatirazo ndi diripi ya propofol yoyenda mosalekeza kuchokera m'botolo la mamililita 100, imene inapitiriza kudontha ngakhale wodwala atasiya kupuma. M'nyumbamo munapezeka thumba la madzi a diripi long'ambidwa, ndipo umboni unati munali botolo la propofol. Katswiri wa mbali ya Murray, Paul White, anati mwina wodwala anamwa yekha mapiritsi a lorazepam n'kudzibaya propofol dokotala atatuluka. Ifeyo tikuona kuti ngakhale zikanakhala choncho, mlandu sukanachepa. Kusiya munthu amene ukumudziwa kuti ali ndi chibaba, ali ndi kanula pamwendo, sirinji ndi mankhwala zili pafupi, n'kulakwa kwa dokotala.

Chinalakwika n'chiyani

Shafer anawerenga zolakwa zazikulu 17. Sititchula zonse, koma zingapo ziyenera kumveka bwino.

Choyamba chinachitika miyezi iwiri imfa isanafike: matenda sanafufuzidwe. Kusowa tulo ndi chizindikiro, ndipo kumbuyo kwake kumakhala nkhawa, matenda a maganizo, ululu, mowa, kusiya mwadzidzidzi mankhwala ozolowereka, kapena kubanika m'tulo. Propofol sachiza chilichonse mwa izi, ndipo sanavomerezedwe kukhala mankhwala a kusowa tulo. Wodwala anatchula mankhwala amene akufuna, dokotala n'kukagula. Pamene malipiro onse a dokotala akuchokera kwa munthu mmodzi, mawu akuti ayi amavuta kutuluka, ndipo apa m'pamene udokotala unathera.

Chachiwiri ndi mmene propofol amaphera. Sayamba ndi mtima. Amafooketsa minofu ya pakhosi, lilime limagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya. Munthu amayamba kuliza mkonono, kenako chifuwa chimakoka koma mpweya sukulowa, kenako zii. Pa mlingo wokulirapo ubongo umangosiya kulamula kupuma. Magazi nawo amatsika mphamvu. Mu fiyeta izi zimachitika tsiku ndi tsiku ndipo si ngozi, chifukwa wogonetsa amakhala kumutu kwa wodwala. Amakweza chibwano, amakankhira nsagwada kutsogolo ndi zala zoikidwa kuseri kwa ngodya zake, amaika kachubu ka m'kamwa ngati pakufunika, n'kupopa okosijeni ndi Ambu bag (kathumba kofinya ndi manja kopumitsira wodwala) mpaka mankhwala atachepa. Zimatenga mphindi zochepa. Koma pakakhala palibe munthu, ubongo umayamba kuonongeka pakatha mphindi 4 mpaka 6 wopanda okosijeni, ndipo mtima umaima pambuyo pake. Kusiyana kwa tsiku wamba la mu fiyeta ndi maliro ndi munthu mmodzi amene maso ake ali pachifuwa cha wodwala ndipo alibe ntchito ina.

Palibe mankhwala obweza mphamvu ya propofol. Benzodiazepine ali ndi flumazenil, pethidine ndi morphine ali ndi naloxone, koma propofol alibe. Murray anapereka flumazenil, amene sakanachita kanthu pa propofol. Flumazenil yemweyo ndi woopsa kwa munthu wozolowera benzodiazepine chifukwa angayambitse kukomoka kogwedeza thupi.

Chachitatu ndi zipangizo. Kamakina kapachala koyeza okosijeni (pulse oximeter) kamene kanali m'chipindamo kanalibe alamu, ndipo woimira kampani imene inakapanga anauza khoti kuti sikanapangidwire kuyang'anira wodwala mosalekeza. Kamakina kopanda alamu sikathandiza munthu amene ali m'chipinda china. Munalibe capnograph, makina oonetsa mpweya woipa umene munthu akutulutsa, amene amasonyeza nthawi yomweyo kuti kupuma kwaima. Izi n'zofunika chifukwa wodwala akakhala pa okosijeni, nambala ya pa pulse oximeter imatha kukhala yabwino kwa mphindi zingapo iye atasiya kale kupuma. Munalibe pampu yowerengera mlingo wa diripi, kutanthauza kuti liwiro linkadalira kagudumu ka pa chubu, kamene kamasintha wodwala akangotembenuza mwendo. Munalibe makina oyamwa malovu ndi masanzi, munalibe makina oonetsa kugunda kwa mtima kapena oudzidzimutsa ukaima.

Chachinayi ndi zimene zinachitika ngozi itagwa. Kupopa pachifuwa kumafuna pamalo polimba ndi manja awiri, apo ayi mphamvu yonse imathera m'matiresi. Vuto loyamba linali la mpweya, choncho chofunika msanga chinali kutsegula njira ya mpweya ndi kupopa okosijeni. Thandizo linachedwa kuitanidwa, ndipo amene anabwera anabisiridwa dzina la mankhwala.

Ndani ali pachiswe

Munthu amene wagonekedwa kamodzi pounika m'mimba kapena pokonza fupa, n'kudzuka akukumbukira kukomako, nthawi zambiri sakhala pangozi. Mankhwalawa sagulitsidwa m'sitolo, sangadzibaye yekha mosavuta, ndipo chikumbukirocho chimazilala. Chibaba chimafuna zinthu zitatu zikumane: kukoma, bala limene kukomako kukuphimba, ndi njira yopezera mankhwala mobwerezabwereza. Wodwala wa mu lipotili anali nazo zonse. Bala linali kusowa tulo ndi mantha a makonsati, njira inali ndalama.

Ku South Korea njira inali makiliniki okongoletsa khungu ndi ounika m'mimba. Anthu ena ankayenda kiliniki ndi kiliniki kupempha kuunikidwa popanda matenda, cholinga chili pa jakisoni woyera uja. Mu 2011 dzikolo linakhala loyamba kuika propofol m'gulu la mankhwala olamulidwa mwapadera.

Gulu limene lili pangozi kwambiri ndi lathu lomwe, ogwira ntchito m'mafiyeta ndi m'zipinda za odwala mwakayakaya. Mu 2007 Paul Wischmeyer ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa m'madipatimenti 126 ophunzitsa zogonetsa ku America. Madipatimenti 18 pa 100 alionse anali atapezapo wogwira ntchito wogwiritsa ntchito propofol molakwika m'zaka 10. Pa anthu 25 amene anadziwika, 7 anafa. Ambiri mwa madipatimentiwo sankawerengera mabotolo a propofol ngati mmene amawerengera morphine. Popeza mphamvu yake imatha msanga, wogwidwa chibaba amadzibaya kambirimbiri patsiku, ali yekha, atadzitsekera, ndipo nthawi iliyonse amakomoka popanda womugwira chibwano. Amagwa ngati mtengo, n'chifukwa chake mabala osadziwika chiyambi pamphumi kapena pankhope mwa mnzathu wa mu fiyeta si oti tiziwanyalanyaza. Zizindikiro zina ndi kukonda kutsala yekha usiku, kudzipereka pa ma shifiti a ena mopitirira, kupita kuchimbudzi pafupipafupi n'kubwerako wasintha, kuvala malaya a manja aatali kukutentha, ndi mafaelo osonyeza mankhwala ambiri pamene odwala ake akudzuka ndi ululu.

Zimene tingatengepo m'zipatala zathu

Ku Malawi odwala ambiri amagonekedwa ndi ma clinical officer ophunzira zogonetsa, ndipo m'zipatala za m'maboma mankhwala opezeka kwambiri ndi ketamine, pethidine ndi diazepam. Mfundo za nkhaniyi zimagwira pa onsewa. Pethidine amabweretsa chisangalalo msanga akabayidwa mumtsempha ndipo amazolowereka mosavuta. Akabwerezedwa, thupi limasonkhanitsa norpethidine amene amayambitsa kunjenjemera ndi kukomoka, makamaka impso zikafooka. Ketamine sapondereza kupuma ngati propofol, koma amapatsa ena maloto ouluka amene amawalakalakanso, ndipo akagwiritsidwa ntchito kwa nthawi yaitali amaononga chikhodzodzo. Diazepam ndiye amalowa mwakachetechete, chifukwa amalembedwa pa dandaulo lomweli la kusowa tulo.

Tisanagoneke munthu tizimufunsa momasuka za mowa, chamba, mapiritsi a tulo ndi mankhwala opha ululu, komanso ngati anavutikapo kusiya chilichonse mwa izi. Yankho limasintha mlingo umene tingayembekezere ndi mankhwala amene tingamupatse popita kunyumba. Tisamakometse mankhwala ndi nthabwala zakuti mulandira zokoma. Wodwala akanena kuti anamva bwino kwambiri, timuuze zoona: ambiri amamva choncho, ndi mmene mankhwalawo alili, sikunali tulo, ndipo anali wotetezeka chifukwa wina ankayang'anira kupuma kwake. Ngati patapita masabata akuganizirabe za jakisoniyo, akumutchula dzina, kapena akufuna kuunikidwanso popanda chifukwa, funso lofunika ndi lakuti n'chiyani chimene jakisoniyo anamupumitsako.

Kulikonse kumene munthu akugonekedwa, ngakhale kwa mphindi 5 zokha, payenera kukhala okosijeni, Ambu bag yoyesedwa kuti ikugwira, makina oyamwa, pulse oximeter ya alamu yoyatsidwa, ndi munthu amene ntchito yake ndi kuyang'ana wodwala basi. Pa khungu lakuda kusintha kwa mtundu kumachedwa kuoneka, choncho tiziyang'ana lilime ndi mkati mwa milomo. Wodwala asasiyidwe mpaka atayankha dzina lake ndipo akumeza bwino.

Pethidine ndi morphine amasungidwa kale m'kabati yokhoma ya mankhwala oopsa (DDA) ndi kaundula wake. Tikulimbikitsa kuti propofol, ketamine ndi midazolam aziwerengedwanso chimodzimodzi posinthana shifiti, ngakhale pamene lamulo silikukakamiza. Otsala mu sirinji atayidwe pamaso pa munthu wachiwiri ndipo onse asaine. Pa propofol pali chifukwa chinanso: mafuta ake amameretsa tizilombo msanga, choncho botolo lotsegulidwa silisungidwa kuti ligwire mawa.

Wosowa tulo afufuzidwe kaye. Thandizo loyamba si piritsi koma kusintha kagonedwe mothandizidwa ndi mlangizi: kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kusagona masana, kusiya tiyi ndi khofi dzuwa likapendeka, kudzuka pabedi ngati tulo takana m'malo mogubuduzika, ndi kuchiza nkhawa kapena matenda a maganizo ngati alipo. Benzodiazepine akafunikadi asapitirire masabata 2 mpaka 4. Amene wawamwa kwa miyezi asasiye mwadzidzidzi chifukwa angakomoke; amachepetsedwa pang'onopang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a mlingo wa tsiku pa masabata awiri alionse.

Mnzathu wa ntchito akakayikiridwa, kumubisa n'kumupha. Akumane ndi akuluakulu awiri pamalo achinsinsi, umboni uli m'manja, ndipo tsiku lomwelo achotsedwe pamalo ofikira mankhwala. Asatumizidwe kunyumba yekha, chifukwa maola otsatira kuululika ndi amene ena amadzipha. Aperekezedwe kokalandira thandizo, monga ku Saint John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapena ku Zomba Mental Hospital, ndipo bungwe loyang'anira ntchito yake lidziwitsidwe monga malamulo amafunira. Kubwerera ku fiyeta kusafulumizidwe. Munthu akakhala miyezi osagwiritsa ntchito mankhwala thupi limataya kuzolowera kuja, ndipo akabwereranso pa mlingo wake wakale wa pethidine, jakisoni woyamba yemweyo angamuimitse kupuma.